Mmene mungasankhire nsapato zopepuka zopalasira njinga pa tala popanda kuzunza mapazi

Anthu ambiri opalasa njinga zothamanga amagwa m'mbuna imodzimodzi. Amatola nsapato yooneka bwino, n'kuigwedeza m'manja, n'kukhutira kuti ndi yopepuka, n'kulipira. Likangotha ola limodzi ali pa chishalo, zala zachita dzanzi, kunsi kwa phazi kukuotcha, bondo nalo layamba kulasa. Ena amafika nayo kunyumba n'kupeza kuti siikukola n'komwe pa mapedulo amene ali nawo. Ndalama zapita, ndipo nsapato yamtunduwu simungati ndiziyendera ku ntchito kuti isapite pachabe.

Chimasokonekera ndi ndondomeko. Kulemera kwa nsapato kuyenera kubwera kumapeto, mutathana kaye ndi phazi lanu, mapedulo anu ndi soli.

## Zoti mukhale nazo pafupi

- Mapepala awiri a A4 ndi pensulo yosongoka
- Rula, komanso tepi yoyezera ya atelala
- Masokosi opyapyala amene mumapalasira
- Chithunzi cha mapedulo anu pa foni, mbali zonse ziwiri, kapena pedulo imodzi mutaimasula
- Allen key ya 4 mm
- Girizi pang'ono
- Tepi yomata ya pepala, kapena choko
- Sikelo ya kukhitchini, ngati ilipo

## Musanapite kogula

1. Yezani mapazi onse awiri, ndipo muyeze madzulo.

Phazi limafufuma dzuwa likamapendeka, ndipo limafufuma kwambiri mukapalasa kukutentha. Mukayeza m'mawa mutangodzuka mudzagula nsapato yaing'ono. Valani masokosi aja, gunditsani pepala ku khoma, imani chidendene chitakhudza khomalo, thupi lonse litatsamira pa phazi limenelo. Wina alembe mzere pamene pathera chala chachitali, pensulo itaima chilili. Kwa anthu ena chala chachitali si chachikulu koma chachiwiri, choncho muyang'ane bwino. Yezani kuchokera m'mphepete mwa pepala kufika pa mzerewo, mu mamilimita. Pepala la A4 ndi lotalika 297 mm, ndiye ngati muli ndi phazi lalikulu kwambiri lumikizani awiri.

*Chenjezo:* musayeze mutakhala pa mpando. Phazi losasenza thupi limakhala lalifupi ndi lopyapyala kuposa mmene lidzakhalire pa pedulo. Ndipo mapazi awiri kawirikawiri salingana, mugulire lalikululo.

2. Yezani m'lifupi, chifukwa ndi pamene pamagona nkhani.

Papasani m'mbali mwa phazi mupeze fupa lotukuka limene lili patsinde pa chala chachikulu, ndi linzake patsinde pa kachala kakang'ono. Pakati pa mafupa awiriwa ndi pamene phazi latambalala kwambiri. Yezani mtunda umenewo pa pepala, kenako zungulizani tepi ya atelala pamalo omwewo, mulembe manambala onse awiri.

Ambiri a ife tinakula tikuyenda opanda nsapato kapena titavala zofewa zotseguka, ndipo phazi lotere limakhala lotambalala kutsogolo, zala zitamasuka. Nsapato zambiri zopalasira, makamaka za ku Italy, amazisoka mopyapyala. Zikathina m'mbali zimapanikiza misempha imene imadutsa pakati pa mafupa a zala, ndiye dzanzi ndi kuotcha kuja. Munthu akamva kuthina amathamangira kukwera sayizi, koma zikatero nsapato imatalika, chidendene chimavuka, ndipo mabowo omangira cleat, kachinthu ka kunsi kwa nsapato kamene kamakola pa pedulo, amapita kutsogolo kwambiri. Mankhwala ake ndi nsapato ya sayizi yanu yomweyo koma yosokedwa motambalala. Kampani ya Shimano ili nazo zolembedwa Wide, Sidi imazitcha Mega, ndipo Lake ndi Bont amadziwika ndi nsapato zopatsa zala malo.

3. Sinthani mamilimita anu kukhala sayizi ya kampani imene mukufuna.

Nsapato zopalasira zimalembedwa sayizi ya ku Ulaya: 40, 41, 42 mpaka m'tsogolo. Kuchoka pa sayizi imodzi kufika pa inzake ndi pafupifupi 6.7 mm basi, ndipo makampani ena amapanga za theka, monga 42.5. Kwa Shimano, 42 ndi ya phazi la pafupifupi 26.5 cm. Kampani iliyonse ili ndi tchati chake, ndiye 42 wa uku sangafanane ndendende ndi 42 wa uko. Iwalani nambala ya nsapato yanu ya ku ofesi.

4. Dziwani mapedulo anu.

Kunsi kwa nsapato kumamangidwa cleat, kapulasitiki kapena kachitsulo kamene kamakola pa pedulo. Tembenuzani nsapato muwerenge mabowo.

Mabowo atatu ooneka ngati mafuwa ndi a mapedulo a pa tala enieni, monga Shimano SPD-SL ndi Look Keo. Cleat yake ndi yaikulu, yapulasitiki, ndipo imatuluka kunja kwa soli. Pa njinga phazi limakhazikika bwino chifukwa popondapo ndi potambalala, koma mukatsika mumayenda mogwedera, ndipo pa simenti yosalala mutha kuterereka.

Mabowo awiri oyandikana ndi a mapedulo otchedwa SPD. Cleat yake ndi kachitsulo kakang'ono kamene kamabisala mkati mwa soli, moti mumayenda ngati munthu. Anazipangira njinga za m'mapiri, koma palibe lamulo loletsa kuzipalasira pa tala.

Apa ndinene maganizo anga. Ngati kuchoka kunyumba kwanu kufika pa tala pali kamsewu kafumbi kamene nthawi ya dzinja mumakankha njinga, kapena ulendo wanu umakhala woimaima pa ma trading centre kugula madzi ndi nthochi, tengani za mabowo awiri. Cleat yapulasitiki imatha msanga pa miyala, ndipo matope akalowamo siikola. Za mabowo atatu zisiyireni amene akukonzekera mpikisano kapena maulendo ataliatali osatsikatsika, monga makilomita 109 a Cape Town Cycle Tour.

*Chenjezo:* cleat ya Look Keo ndi ya SPD-SL zimamangika pa nsapato imodzimodzi, ndipo poziona zimafanana, koma iliyonse imakola pa pedulo yake yokha. Musaumirize. Mapedulo a Speedplay amafuna mabowo anayi, kapena kambale kolumikizira pa nsapato ya mabowo atatu. Ma cleat amabwera ndi mapedulo, osati ndi nsapato.

Ngati mudakali pa mapedulo wamba opanda chokolera, nsapato ya soli yolimba yosalala ya mabowo atatu musaigule. Imatsetsereka pa pedulo. Pezani ya soli ya labala yosapindika kwambiri.

## Nsapato ili m'manja

5. Pindani soli.

Gwirani kutsogolo ndi kuchidendene, yesani kuipinda, kenako kuipotokola. Nsapato yopalasira siyenera kugonja ngati ya masewera othamanga. Soli yolimba imagawa mphamvu ya mwendo pa phazi lonse, m'malo moti kachigawo kamodzi kokha kaziphwanyika pa pedulo.

Soli zilipo za nayiloni, za nayiloni yosakaniza ndi kaboni, ndi za kaboni yekhayekha. Ya nayiloni ndi yotsika mtengo, yolemererako, imagonja pang'ono. Ya kaboni ndi yopepuka, yopyapyala, yosagonja, ndipo mtengo wake umaluma. Anthu amaganiza kuti yolimbitsitsa ndiyo yabwino kwa aliyense, koma pa tala wokumbikakumbika soli yotere imafikitsa kunjenjemera konse kwa msewu ku phazi, ndipo ngati nsapato sinakukhaleni bwino ululu umabwera msanga. Kwa munthu wopalasa maola awiri kapena atatu Loweruka, yosakaniza ija imakwanira.

Makampani amalemba nambala ya kulimba pa soli kapena pa bokosi. Nambalayi imathandiza poyerekeza nsapato za kampani imodzi yokha. Shimano 10 ndi Specialized 10 si chinthu chimodzi, aliyense ali ndi muyezo wake.

6. Sankhani zomangira.

Zingwe ndi zopepuka, zimagwira phazi mofanana paliponse, ndipo zikaduka mumapeza zina pa msika uliwonse. Kuipa kwake n'koti simungazimasule muli pa liwiro, ndipo nsonga zake muyenera kuzibisa kuti zisakodwe mu tcheni. Zomata za Velcro n'zotsika mtengo, koma fumbi ndi udzu zikadzazamo zimaleka kugwira. Kagudumu kopotokola, monga ka BOA, kamakoka kawaya kopyapyala ndipo mumatha kukhwefula pang'ono phazi likafufuma osatsika pa njinga. Nsapato ya tigudumu tiwiri imaposa ya kamodzi chifukwa mumamanga kukakolo mwamphamvu kwinaku kuzala kuli komasuka. Musanagule dzifunseni kuti kawaya kakaduka mudzakapeza kuti. Amene ali ku Johannesburg kapena ku London si nkhani, koma amene ali ku Mzimba aitanitsiretu kapadera.

7. Valani zonse ziwiri, muime, mudikire.

Apa musachite changu, ngakhale wogulitsa akuyang'ana wotchi. Yambani ndi kusolola insole, kachopondera ka mkati kaja, muiike pansi n'kuimapo. Phazi likasefukira m'mbali mwake, nsapatoyo ndi yopyapyala, ibwezeni osataya nthawi.

Ikadutsa mayeso amenewo, valani ndi masokosi anu, kankhirani chidendene kumbuyo, mange mosapanikiza. Onani zinthu izi:

- Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale kampata ka mamilimita ochepa, pafupifupi theka la sentimita. Sikufunika mpata waukulu ngati wa nsapato yothamangira, poti phazi silitsetserekera kutsogolo popalasa.
- Zala zonse zizitha kugwedezeka, ndipo kachala kakang'ono kasakanikizidwe.
- Nyanyamphirani pa zala. Chidendene chisavuke. Chikavuka muli m'sitolo, pokwera chitunda mutaimirira chidzavuka koposa, ndipo matuza adzatuluka.
- Pamwamba pa phazi pasakhale pamene waya kapena msoko ukudinda.
- M'mphepete mwa nsapato musakhule fupa la kakolo.

Khalani nazo kuphazi mphindi khumi kapena kuposerapo. Kuthina kumene kudzakuvutitseni pa msewu kumayamba kumveka mochedwa, ngati kakutentha pang'ono m'mbali mwa phazi.

*Chenjezo:* mukamva mawu akuti "zidzatambasuka mukamavala", ikani nsapatoyo pansi. Zambiri zimapangidwa ndi nsalu za pulasitiki zimene anazipanga dala kuti zisatambasuke. Mmene yakukhalirani lero ndi mmene idzakhalire chaka chamawa.

8. Ganizirani za kutentha.

Yang'anani timabowo ta mpweya pamwamba, ndiponso kunsi kwa soli pafupi ndi zala. Kwezani nsapato ku kuwala: ngati kuwala kukudutsa, mphepo nayo idutsa. Amene amapalasa msewu wa ku Salima kapena kutsikira ku Chikwawa mu October akudziwa mmene tala amatenthera kuchokera pansi. Nsapato yakuda imamwa dzuwa kuposa yoyera, ngakhale yoyera imafuna kupukuta pafupipafupi. Amene ali ku Britain vuto lawo ndi losiyana: nsapato ya mabowo ambiri m'nyengo yozizira imaumitsa zala, ndiye pamafunika zovindikira zovala pamwamba pake, osati masokosi awiri amene angothinitsa phazi.

9. Tsopano ikani pa sikelo.

Nsapato zambiri za pa tala za sayizi 42 zimalemera pakati pa magalamu 200 ndi 300 imodzi. Makampani ena amalemba kulemera kwa imodzi, ena kwa peyala, ndipo pafupifupi onse sawerengera cleat, choncho muonetsetse kuti mukuyerekeza zofanana. Sayizi ikakula kulemera nakonso kumakwera.

Ngati peyala ziwiri zakukhalani bwino mofanana, tengani yopepuka. Koma kusiyana kwa magalamu 50 pa nsapato kusakuchititseni kusiya yokukhalani bwino, poti botolo la madzi la 750 ml limene lili pa felemu likulemera magalamu 750 osawerengera botololo. Kumbukiraninso kuti kuti nsapato ipepuke kwambiri, opanga amachotsa zofewa za kuchidendene ndi pa lilime, n'kupyapyalitsa nsalu. Kwa ochita mpikisano n'zomveka. Kwa amene akufuna peyala imodzi yoti ikhale zaka, n'kutaya.

## Za pa kaunjika ndi zotumitsa

Nsapato zopalasira zimapezekapezeka pa kaunjika, nthawi zina pa mtengo wabwino chifukwa wogulitsa amaziyesa za mpira zothothoka mano. Mwayi ulipo, koma mufufuze mofatsa.

Yambani ndi mabowo a mabawuti. Pitani ndi bawuti imodzi ya cleat ndi Allen key yanu, muyese bowo lililonse. Bawuti ikamangozungulira osagwira, kapena ngati muli bawuti yakale yodukira mkati ndi dzimbiri, isiyeni. Kenako pendekerani soli ku dzuwa. Mikwingwirima ya pamwamba ilibe kanthu, koma mng'alu wodutsa chopingasa pa kaboni, kapena pamalo pamene pakumveka pofewa mukadina ndi chala, ndiye kuti yatha. Kokani nsalu pamene yalumikizana ndi soli kuti muone ngati guluu akugwirabe, makamaka kuchidendene. Potokolani kagudumu mpaka kamange, kenako kamasuleni. Kakamadumpha mano ake adyeka. Onaninso kalabala ka kunsi kwa chidendene, poti kakatha mumayamba kupondera kaboni. Mukagula, chotsani insole yakaleyo, inadinda kale phazi la mwiniwake woyamba.

Mukamatuma m'bale amene ali ku Joni, musamuuze kuti "ndimavala 8". Mutumizireni mamilimita a kutalika ndi m'lifupi, dzina la kampani, sayizi ya pa tchati chake, ndi chithunzi cha mapedulo. Ngati pali mnzanu wa m'gulu lopalasa amene ali ndi nsapato ya kampani yomweyo, bwerekani muyese kaye.

## Mwafika nazo kunyumba

10. Mangani ma cleat.

Valani nsapato, papasani fupa lija la patsinde pa chala chachikulu, matani katepi pa nsapato pamalo pake n'kulemba kadontho. Chitani chimodzimodzi ku fupa la kachala kakang'ono. Vulani, tembenuzani nsapato, tsitsirani madontho awiriwo ku soli. Pakati pa cleat, pamene pali kachizindikiro m'mbali mwake, pakhale pakati pa mizere iwiriyo. Mukakayika, bwezerani cleat kumbuyo pang'ono. Cleat yopita kutsogolo kwambiri imalemetsa zala ndi akatumba.

Pakani girizi pa mabawuti kuti asadzachite dzimbiri ndi thukuta ndi mvula. Mangani mosinthanasinthana, pang'ono apa pang'ono apo, kuti cleat isasunthe. Shimano imanena 5 mpaka 6 Nm, kutanthauza kumanga kolimba ndi dzanja limodzi, osati kokanikiza ndi thupi lonse.

Mtundu wa cleat uli ndi tanthauzo. Umanena kuchuluka kwa mpata umene chidendene chimasewera uku ndi uku phazi lisanachoke. Pa SPD-SL, yachikasu imapereka madigiri 6, yabuluu 2, yofiira palibe. Pa Look Keo, yofiira 9, yotuwa 4.5, yakuda palibe. Mwaona msampha wake: yofiira ya Shimano imamanga phazi nganganga, pamene yofiira ya Look ndiyo yomasuka kwambiri. Oyamba kumene atenge yachikasu ya Shimano kapena yotuwa ya Look. Mpata umenewu ndi umene umapulumutsa mawondo.

Kuti mudziwe kolozetsa cleat, khalani pa tebulo miyendo ili lendelende, muone mmene mapazi agonera okha. Ngati zala zimaloza kunja pang'ono, cleat ilole phazi kukhala choncho pa pedulo. Musaliwongole mokakamiza.

11. Onaninso chishalo.

Soli yatsopano ikhoza kukhala yopyapyala kapena yochindikala kuposa yakale, ndiye mwendo umatalika kapena kufupika ndi mamilimita angapo. Pedulo ikafika pansi penipeni, bondo likhale lopindika pang'ono, chiuno chisagwedezeke uku ndi uku. Sunthani chishalo pang'onopang'ono, 2 kapena 3 mm nthawi imodzi.

12. Phunzirani kuchotsa phazi musanalowe mumsewu.

Kumbuyo kwa pedulo kuli kabawuti kolembedwa + ndi −. Potokolerani ku − kuti pedulo isagwire mwamphamvu. Tsamirani khoma, kolani phazi, potokolani chidendene kunja kuti lichoke, bwerezani mpaka mwendo uzolowere wokha. Kenako kayeseni pa bwalo la udzu.

Zolowerani kuyamba ndi phazi lamanzere. Ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Britain magalimoto amayenda kumanzere, ndiye mukatsitsa phazi lamanzere mumapendekera kumbali kwa msewu, osati kumene kukudutsa minibasi. Chotsani phazi mudakali patali ndi poimapo, njinga isanathe liwiro.

Ulendo woyamba ukhale waufupi, Allen key ili m'thumba. Mukabwerako mangitsaninso mabawuti, amakhwefukako poyamba. Zonse zikakhala bwino, zungulizani cleat ndi pensulo kapena penti pa soli, kuti tsiku losintha mudzaike yatsopano pamalo pomwepo.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kumanga kwambiri ponyamuka. M'mawa phazi ndi laling'ono, munthu amakoka mpaka kumapeto. Pofika 10 koloko lafufuma ndipo magazi sakuyenda. Nyamukani zili zokhwefukirako, ndipo dzanzi likangoyamba masulani kuzala musanaganize zina.

Kuimba mlandu nsapato pamene vuto ndi insole. Zimene zimabwera m'bokosi nthawi zambiri n'zopyapyala, zosachirikiza pakati pa phazi pamene pali pokumbika. Phazi likamaphwathalala pa kupalasa kulikonse, limatambalala n'kuthina. Insole yochirikiza bwino imatha kukonza nsapato imene mumafuna kugulitsa.

Kupirira ululu wa bondo. Minofu kutopa n'kwachibadwa, koma kulasa kwa mkati kapena m'mbali mwa bondo kumene kwayamba ndi nsapato zatsopano kukunena za cleat kapena chishalo. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Mukasintha zonse pamodzi simudziwa chimene chathandiza. Ululu ukapitirira, pitani kuchipatala.

Kuyenda mtunda ndi cleat yapulasitiki. Pa ya SPD-SL, timapazi take tamtundu tikadyeka mpaka kufika pa pulasitiki yakuda, cleat imayamba kuvuka yokha pa chitunda kapena kukanirira pamene mukufuna kutsika. Pali tizivindikiro talabala tovala poyenda pansi, timakwana m'thumba la jezi.

Kuumitsa pa moto. Mvula ikakupezani, sololani insole, pukutani matope, fwinyani nyuzipepala zakale mkati, muziike pamthunzi podutsa mphepo, ndipo musinthe mapepalawo akanyowa. Pafupi ndi mbaula kapena pa malata otentha guluu amasungunuka ndipo soli imayamba kulekana ndi nsalu kuyambira kuchidendene.